Kompyuta ya Zigamba ya ku Mponela

Chaka chimene anthu anayamba kunong'onezana za zipani zambiri, ife mu ofesi yathu ku Ntchisi tinkanong'onezana zina. Abwana anatiuza kuti kompyuta ibwera mvula ikatha, ndipo wotayipa amene sakuidziwa adzapita kukalima. Ine ndinali ndi ana atatu pasukulu, bambo awo atatisiya kale, ndipo chinthucho ndinali ndisanachikhudzepo. Mantha anandigwira zedi.

Ndinakadandaula kwa alamu anga, amuna a akulu anga, amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku Mponela. Iwo anangoseka. Anali atatola makompyuta atatu akufa ku bungwe lina la zaulimi limene linkatseka ofesi yake ku Lilongwe.

"Pa mitembo itatuyi tidzutsapo umodzi, alamu," anatero.

Loweruka tinayala ziwalo zonse pamphasa ngati tikusankha fodya. Ine maso anali pa bokosi loyera lonyezimira ndi sikirini yaikulu. Alamu anakana. Loyeralo m'kati munali mutapsa, ndipo sikirini yaikuluyo sikanafika yamoyo ku Ntchisi pamsewu wathu uja wa matope. Anasankha sikirini yaing'ono ndi bokosi lachikasu lokandikakandika, fani anachotsa m'lachiwiri, kabokosi kosungira zolemba m'lachitatu. Chiwalo chilichonse ankayamba achinunkhiza.

"Kodi mukugula usipa?" ndinawafunsa.

"Chopserera sichibisala, alamu. Ngakhale ndiwo zanu zija timazimvera kumsewu."

Atalumikiza mawaya anayatsa. Fani inalira, zilembo zobiriwira zinatuluka, akulu anga anaimba nthungululu mpaka ogula m'sitolo anatuluka kudzaona.

Vuto linabwera pa kiyibodi. Zala zanga zinakulira pa makina otayipira achitsulo, omenya mpaka pepala lachinayi la kaboni lioneke. Kiyibodi yoyamba, yokongola ija, nditangoigunda chilembo chimodzi chinathamanga mzere wonse. Yachiwiri batani linadumpha n'kukagwera mu ngalande.

Alamu anagwira kumutu. "Mukutayipa kapena mukusinja?"

Yachitatu inali yolemera ngati mphero, yosowa batani limodzi, koma inandipirira. Alamu anasema kathabwa ndi mpeni, n'kulembapo chilembo ndi bolopeni. Ndinaikonda pomwepo, ndi kunyansa kwake konse.

Tinakulunga zonse m'mabulangete. Pa matola sikirini ndinaifungata pamiyendo, ndipo mayi wina anandifunsa ngati mwanayo akudwala. Kunyumba yanga ya pa boma magetsi analipo, choncho ndikaweruka ndinkakhala pansi n'kumaphunzitsa zala zanga ulemu. Dzanja linkapitabe kukakankha chitsulo chobwezera mzere chimene pa kompyutapo panalibe, ana n'kumagubuduka ndi phwete.

Mvula itatha kunabwera mnyamata wa tayi kuchokera ku Lilongwe kudzatiyesa. Kiyibodi yake inali yofewa ngati mkate, moti ndinaigwira mochita kuipepesa. Zala sizinandichititse manyazi. Anawerenga zimene ndinalembazo, anayang'ana abwana, ndipo abwana anati ndibwere Lolemba monga mwa nthawi zonse.

Ndinayenda ulendo wa kunyumba ndikuseka ndekha ngati wamisala. Nditafika ndinapeza mwana wanga wamkulu ali kuseri kwa nyumba akunola khasu. Osandiuza, anali atakafunsira kale ganyu ku esiteti ya fodya, kuti ine akandichotsa ntchito iye asiye sukulu, azing'ono ake apitirize. Misozi inandituluka. Ndinamulanda khasulo n'kumuuza kuti akachape yunifolomu.