Tinawaika Achimwene ku Jebel Ali

Ndinadzuka kusanache, thukuta lili kamukamu. Kukanakhala kumudzi bwenzi anthu atachezera pasiwa, moto ukuyaka panja. Kuno ku Dubai malamulo a korona sankalola kusonkhana, choncho ndinagona ndekha.

Achimwene ndiwo ananditengera kuno. Tonse tinkagwira ntchito pakampani ina ku Jebel Ali, kulongedza zakudya zopita kwa asilikali a ku America amene anali ku Afghanistan. Pulezidenti wakale wa ku America atanena kuti asilikaliwo achokako, achimwene ankatilimbitsa mtima kuti akalowa wina zinthu zisintha. Watsopano analowadi, nasintha zambiri, koma nkhani iyi anaisiya momwemo. Makontena anayamba kuchepa. Achimwene atayamba kutsokomola anabisa, poopa kuti akajomba ndiwo ayambe kuchotsedwa. Pomwe ankafika kuchipatala n'kuti akubanika kale.

Kutumiza mtembo kumudzi sikunatheke. Basi ya kampani inatitenga anthu ochepa, aliyense atavala masiki, wina uku wina uko. Kumanda mchenga unkaotcha mapazi ngakhale tinali mu nsapato. Bokosi linabwera lomatamata, olinyamula atavala zoyera thupi lonse, ndipo nkhope sitinaione. Abusa anafupikitsa pemphero. Ine ndinakweza foni m'mwamba kuti alamu, akazi a malemu, aonere ali ku Ndirande, koma foniyo inatentha n'kuzima bokosi lisanafike pansi.

Mnzathu wina wa ku Afghanistan, amene ankalongedza limodzi ndi achimwene, anaima patali mpaka mwambo unatha. Potuluka anandigwira paphewa.

"Khalas, zatha basi, asilikali akunyamuka kwathu," anatero. "Mkazi wanga kwathu sakuyankha foni."



Pobwerera, kapitawo anaimirira m'basi muja n'kunena kuti mawa tisabwere kuntchito, tidikire kuitanidwa. Tonse tinkadziwa kuti kuno ntchito ikatha, viza nayonso imatha.

Madzulo ndili m'nyumba alamu anaimba, mawu atasasa ndi kulira. Anafunsa ngati achimwene tawagoneka bwino, ndinati eya.

"Alamu, anawa ndi anu tsopano," anatero. "Ntchito ilipobe, eti?"

Ndinangogwira foni kukhutu mpaka iwo anaganiza kuti netiweki yaduka, nadula. Sindinaimbenso. Ndinakhala pampando osayatsa magetsi, ndikumva mabasi akutsitsa anthu ochokera kuntchito panja.