Tsiku limene ndinagonjetsa pulofesa wa masamu

Ndikukumbukira fungo la laimu. Sukulu yathu ya pulaimale ku Mlare inkapakidwa laimu pokhapokha kukamabwera mlendo wamkulu, ndipo chaka chimenecho tinapaka chilichonse chimene sichikanatha kuthawa: makoma, miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo ya mango mpaka m'chiuno. Inali nyengo yotentha, dzuwa la ku Karonga lija loti nsapato za pulasitiki zimafewa uli chiyendere. Ine ndinali mu Sitandade 7, kamtsikana kakafupi, kamutu waukulu, kapakamwa posatopa.

Mlendoyo anali mwana wa kwathu konko. Anaphunzira pasukulu yomweyo makalasi akadali ofolera udzu, kenako anapita ku sekondale, kenako kunja, ndipo kumeneko anakhala pulofesa wa masamu. Ankabwera kudzaona mayi awo okalamba amene ankakhala kuseri kwa tchalitchi, patatha zaka zambiri asanaponde kwawo. M'mudzi nkhani za iwo zinali mbwee. Ena ankati ntchito yawo ndi kuwerengera azungu nyenyezi. Ena ankati ndege isananyamuke amayamba afunsa iwo. Amayi anga, amene anakula nawo, ankangoti: "Uja ankapita kubusa ndi ng'ombe n'kubwerako ndi ndodo yokha."

Ahedi athu, a Mbewe, munthu wa ku Ntcheu, anakonza zoti mwana mmodzi adzanene pamtima mbiri yonse ya mlendoyo pamaso pa anthu. Anasankha ine. Sichinali chifukwa cha masamu, pakuti masamu ndinali wapakatikati, wotsamira kumunsi. Anandisankha chifukwa Chichewa changa sichinkanunkha Chitumbuka kwambiri, komanso mawu anga ankamveka mpaka kuchigayo. Koma mutu wanga unamva zake. Unamva kuti pa ana onse a ku Mlare, woyandikira nzeru za pulofesa ndinali ine.

Mbiriyo inali yaitali. Inayambira pa mmene anakhozera mayeso kuposa anzawo onse, n'kudutsa pa digiri yoyamba, yachiwiri, mpaka ya udokotala, umene a Mbewe anati ndi udokotala wosabaya jakisoni. Munali za mabuku amene analemba, za ophunzira a m'maiko osiyanasiyana amene anadutsa m'manja mwawo, za mendulo imene anapatsidwa ndi akatswiri anzawo, ndi zoti anaitanidwa kukalankhula pamsonkhano wa akadaulo a masamu a dziko lonse lapansi. Pakatikati panali mawu atatu amene anandithyola lilime: pasho difarensho ikweshonzi. Ndinafunsa a Mbewe kuti n'chiyani chimenecho.

"Ndi masamu ofotokoza mmene zinthu zimasinthira," anatero. "Ukaika chitsulo pamoto, kutentha kumayenda bwanji mpaka kukafika kudzanja lako. Mtsinje ukadzaza, madzi amathamanga bwanji. Zoterozo."

"Ndiye mendulo anawapatsa chifukwa chodziwa kuti chitsulo chimawotcha?"

"Iwe Tiwonge, loweza."

Ndime yomaliza inali yothokoza mtsogoleri wa dziko. Anzanga a msinkhu wanga mukudziwa, koma ndifotokozebe. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, mtsogoleri mmodzi, ndipo chabwino chilichonse, kaya ndi mvula, kaya mlatho, kaya digiri ya munthu, chinkayenera kuthera pa nzeru zake. Kutamanda munthu wina mopitirira kunali kumuika pamoto. Anthu ophunzira, makamaka a kumpoto kuno, ankatha kutengedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyo, abale awo osawaonanso kwa zaka. A Mbewe anandiuza mobwerezabwereza: "Ukafuna kuiwala, iwala zina zonsezo. Ndime yomalizayi usayerekeze." Ine ndinkaiona ngati ndime yozizira, chifukwa tinkainena pa chilichonse, ngakhale potsegulira chimbudzi chatsopano.

Ndinaloweza ngati wamisala. Ndinkanena mbiri ya pulofesa posenda chinangwa, potunga madzi, pothamangitsa mbuzi m'munda. Azing'ono anga anafika poidziwa osafuna. Mbuzi zathu ndikhulupirira zinali zokhazo mu Karonga monse zodziwa kuti udokotala ulipo wamitundu iwiri.

Tsiku litafika, bwalo la sukulu linadzaza. Kutsogolo kunali mipando yobwereka kutchalitchi. Pampando wapakati panakhala a tcheyamani a chipani a dera lathu, atavala suti yakuda padzuwa limenelo, baji ikunyezimira pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunaima anyamata achipani a malaya ofiira, ndipo chapambali panali wapolisi wochokera ku Chilumba. Ovina mapenenga anali atavala zoyera zawo, fumbi likuwadetsa mawondo. Ine ndinavala nsapato za msuweni wanga, zazikulu, zoika mapepala kuzala.

Pulofesa atafika, anthu anakhumudwa, ndipo sanabise. Tinkayembekezera chimunthu cha mimba, cha chikwama chachikopa. Tinaona kamunthu kowonda, ka magalasi, kovala masandasi ndi malaya a manja aafupi, kakuyenda kumbuyo kwa mayi ake ngati katumidwa kukagula mchere. Mayi wina pafupi nane ananong'ona kuti, "Ndi ameneyu? Kunjako sadya?" Ine ndinawamvera chisoni. Ndinaganiza kuti munthu wooneka chonchi akufunika womuthandiza, ndipo womuthandizayo analipo kale, atavala nsapato zobwereka.

Ataitana dzina langa ndinakwera patebulo limene anandiikira kuti ndioneke. Ndinayamba. Mawu anatuluka bwino mpaka ndinadzidabwa. Nditatchula digiri yoyamba, azimayi analuluta. Yachiwiri, analulutanso. Pa mawu atatu ovuta aja anthu anawomba m'manja ngati ndadumpha mtsinje. Pa mendulo ng'oma inalira. Ndiulule pano: nthungululu zimaledzeretsa. Sindinkamvanso kuti akululutira pulofesa. Ndinkamva kuti akululutira ine, ndipo ndinkafuna zina, zazikulu, zoti zikamveke ku Chilumba.

Nditafika pakhomo pa ndime yomaliza, ndinaiyang'ana m'mutu mwanga n'kuona kuti ndi yakale, anthu aimva kambirimbiri, siibweretsa phokoso. Ndinaisiya. M'malo mwake ndinakweza dzanja n'kukuwa zanga:

"Choncho, amayi ndi abambo, m'Malawi muno monse, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, palibe munthu wanzeru kuposa a pulofesawa! Palibe ndi mmodzi yemwe!"

Ndinaima, chibwano m'mwamba, kudikira mkokomo.

Analuluta mayi mmodzi yekha, wogontha pang'ono, ndipo wina anamugwira pakamwa nthungululuyo ili pakati. Ng'oma inangoti zii. Ndinamva nkhunda zikulira pamtengo wa mango. A Mbewe anali atayera milomo ngati anyambita laimu uja. A tcheyamani anachotsa mpango pankhope pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa wapolisi. Mmodzi wa anyamata a malaya ofiira anasuntha kubwera kutsogolo. Mayi a pulofesa anagwira mwana wawo pamkono. Ine ndili patebulo ndinkaganiza kuti mwina anthu sanamve bwino, ndipo ndinatsala pang'ono kubwereza.

Pulofesa ndi amene anaimirira. Anabwera pafupi ndi tebulo, akumwetulira, n'kundifunsa m'Chitumbuka: "Mwana wane, zina lako ndiwe njani?"

"Tiwonge."

Anatembenukira kwa anthu, n'kulankhula Chichewa chochita dzimbiri. "Tiwonge akuti ndine wanzeru kuposa onse. Zinthu zotere sitingovomera, timayesa. Mwana iwe, ndifunse samu iliyonse ya m'kalasi mwanu."

Sindinachedwe. "Seveni taimusi eyiti!"

Anavula magalasi. Anayang'ana kumwamba. Anayamba kuwerenga zala, zala zinatha, anawerama n'kuyang'ana zakumapazi m'masandasi muja. Ana a Sitandade 4 anayamba kutsinana.

"Fifite-folo," anatero.

"Ayiii!" sukulu yonse inakuwa.

"Fifite-sikisi!" ndinatero ine, mawu ofika kuchigayo aja.

"Pepani, ndipatseninso mwayi. Ndege inandisokoneza mutu."

"Naini taimusi sikisi!"

Anakanda m'mutu nthawi yaitali. "Sikisite-fili?"

Apa bwalo linasweka. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Ovina mapenenga anagwirana mapewa. Pulofesa anadikira phokoso lichepe, n'kuyang'ana a tcheyamani, manja atawagwira kutsogolo ngati mwana wasukulu.

"Mwaona, a tcheyamani? Mwanayu amandikonda chifukwa ndine wa kwawo, koma wadzitsutsa yekha. Wanzeru m'dziko muno tonse tikumudziwa, ndi amene anatimangira masukulu kuti ngakhale mbuli ngati ine zikaone kunja." Atatero anayambitsa nyimbo yotamanda mtsogoleri, ndi mawu oipa zedi, ndipo azimayi anailanda msanga.

A tcheyamani anali akupukuta misozi ya kuseka. "Ahedi," anakuwa, "pulofesa wanuyu m'bwezereni ku Sitandade 3! Kamtsikanako ndiko tikatumize ku Ulaya!" Mnyamata wa malaya ofiira uja anabwerera pamalo pake, akuwomba m'manja.

Ndinatsika patebulo ndikuyenda ngati mfumukazi, nsapato imodzi itatsala patebulopo. Kunyumba ndinkayembekezera nkhuku. M'malo mwake amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Iwe mlomo wako," osamaliza. Abambo sanalankhule nane mpaka mawa lake. Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya anthu akuluakulu. Pulofesa anachoka msanga kuposa mmene anthu ankayembekezera, ndipo ndinaganiza kuti ndi manyazi.

Tsopano apa ndi pamene pandichititsa manyazi ine. Nkhani imeneyi ndinayenda nayo zaka zonse ngati mendulo yanga. Ku sekondale ndinaiuza aliyense wogona naye chipinda chimodzi. Masamu a Fomu 4 ndinakhoza mopemphetsa, koma sizinandigwedeze: ndinkati mayeso ndi mayeso, ine ndinagonjetsapo pulofesa. Ku koleji kumene ndinatenga setifiketi yanga ya ulembi ndinaifotokoza, ndikuonjezera samu yachitatu kuti ikome. Bambo a mwana wanga, tikadali pachibwenzi, anaimva kangapo konse, ndipo ankangogwedeza mutu mwaulemu. Lero ndimadziwa kuti munthu ameneyu amandikondadi.

Chaka chatha nditachira mwana wanga woyamba, amayi anabwera kudzandithandiza. Tsiku lina masana anzanga a kuntchito anabwera kudzaona khanda, wina n'kunena kuti lili ndi chipumi cha anzeru. Ine, ndili pamphasa, ndinati latengera mayi ake, ndipo ndinayamba: seveni taimusi eyiti. Alendo atapita, amayi anapitiriza kupinda matewera osandiyang'ana.

"Tiwonge, ndiwe mayi tsopano. Mpaka lero ukuganiza kuti munthu uja sankadziwa?"

Anapinda thewera lina, n'kupitiriza:

"Wapolisi anali atauzidwa kale kuti akatenge galimoto. Ahedi ako akanatengedwa, abambo ako akanapita kukafotokoza amene anakuphunzitsa mawu amenewo, ndipo uja sakanaionanso ndege. Anadzisandutsa chitsiru pamaso pa mayi ake kuti tonse tikagone kwathu. Ndipatse thewera ilo."

Ndinawapatsa thewera. Ndinakhala ndikuyang'ana khanda langa, kakamwa kake kakang'ono kakuyamwa mpweya, ndipo mantha amene ndinayenera kuchita ndili patebulo paja anandipeza tsiku limenelo, atachedwa zaka zonsezo. Kuyambira pamenepo sindipuma bwino. Mwanayu sanayambe n'kulankhula komwe, akungoti "ba-ba-ba", koma ine ndayamba kale kuda nkhawa ndi zimene adzanene, adzanenera kuti, pamaso pa yani. Bambo ake amandiseka. Amati dziko linasintha, ndipo n'zoona. Masiku ano m'minibasi anthu amatukwana atsogoleri kuchokera ku Karonga mpaka ku Chilumba, kondakitala akuthandizira, ndipo aliyense amatsika pamalo pake bwinobwino. Mwana akhoza kuima patebulo n'kutcha aliyense wanzeru, choipa chimene chingachitike n'choti anthu atsutsa. Mutu wanga umadziwa zimenezi. Mimba yanga ndi imene sinamve.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukaonetsa mwana. Pamsika wa Mlare, ndikugula nthochi, bambo wina wokonza njinga anati wamva pawailesi kuti pulofesa wathu uja walandiranso ulemu wina kunjako, atakalamba kale.

"Uti?" anafunsa mayi wa nthochi. "Uja analephera seveni taimusi eyiti?"

"Yemweyo."

"Azungu amangogawa mamendulo."

Anaseka onse. Dziko lonse lapansi limamudziwa munthu ameneyo ndi mabuku ndi mamendulo, koma kwawo kwenikweni, kumene kuli manda a mayi awo, amadziwika ndi samu ya Sitandade 3, ndipo amene anaifalitsa kwambiri nkhaniyo ndi ine. Ndinasuntha mwana kumsana. Ndinacheuka kaye uku ndi uku kuona amene akumvetsera, chizolowezi chopanda ntchito masiku ano. Kenako ndinanena ndi mawu anga onse, mpaka wa njinga anagwetsa sipanala:

"Ankadziwa! Fifite-sikisi ankaidziwa! Amene sankadziwa kanthu tsiku lija ndi ine!"

Mayi wa nthochi anandiyang'anitsitsa, n'kundizindikira.

"Aa, ndi iwe wa patebulo uja? Mlomo sunasinthe."