Bokosi Lomwe Analiviika M'nyanja

Ku koleji anandiwida, kundichotsa nditalephera mayeso, ndili chaka chachitatu. Ndinabwerera kwathu ku Kachulu ndi chikwama chimodzi, chikhothi choyera cha mu labu, ndi liwu limodzi limene panalibe munthu pa doko wotha kulitchula: poliyuretheni. Chikhothicho azakhali anachilanda, amavala powamba milamba. Liwulo palibe analifuna.

Amalume, omwe amagula nsomba kwa asodzi n'kukagulitsa m'tauni, anandipatsa udindo wotembenuza matemba pa thandala. Munthu wophunzira kemisitiri amatembenuza matemba ngati wina aliyense, kungoti iye amadziwa dzina la fungo limene likumupha. Minibasi za ku Zomba zimaima pafupi pomwepo. Kondakitala akamaitana ndinkamva bwinobwino, manja ali m'matemba.

Chimene chinkawapweteka amalume n'chakuti makumba aawisi, nsomba za m'nyanja yathuyi, ankafika m'tauni atayamba kufewa, ayezi atasungunukira panjira. Tsiku lina anabwera ndi tizigubu tiwiri timene anagula kwa wokonza mafiliji, kena ka mankhwala oderapo ngati uchi wakale, kena oyererako. Wamafilijiyo anawauza kuti ukasakaniza pamatuluka thovu louma losunga kuzizira. Amalume anaika tizigubuto patsogolo panga n'kunena kuti bokosi la ayezi likatheka, wokwera nalo minibasi m'mawa uliwonse ndidzakhala ine.

Sindinaonetse kuti mtima wadumpha. Ndinakonza pakhosi ngati lekichala n'kuwafotokozera kuti ameneyu ndiye poliyuretheni uja: mankhwala awiriwa akakumana amalukana n'kupanga tizingwe tosaoneka ndi maso, kalikonse kokhala ndi zigawo zofewa ndi zolimba mosinthanasinthana. Zofewa zimalola chinthu kutamuka. Zolimba zimagwirana zokhazokha ngati mfundo za ukonde, n'kuchibweza pomwe chinali. Zofewa zikachuluka mupeza matiresi kapena soli ya nsapato, zolimba zikachuluka mupeza chipupa cha filiji. Ndinawonjezera kuti ubale wa kwathu kuno unapangidwa chimodzimodzi: umatamuka mpaka ku Zomba, koma mfundo zili ku Kachulu. Amalume anandifunsa ngati zonsezi zikutanthauza kuti ndipanga kapena ayi.

Lamulo ndinapereka limodzi lokha, loti madzi asayandikire. Mankhwala oderawo akakhudza madzi amatulutsa mpweya wambiri, ndiye thovu limafufuma mopanda ulemu. Ndinauza amalume, ndinauzanso amisiri amene anapatsidwa ntchito yokhoma bokosilo, bambo okhoma maboti pa dokopo kuyambira ine ndisanabadwe. Onse anagwedeza mutu. Bokosi linali la zipupa ziwiri, lina mkati mwa linzake, pakati pali mpata wothiramo thovu.

Koma mmisiri wa maboti sapereka chinthu chamatabwa asanachiviike. Boti latsopano amalisiya m'madzi kuti matabwa afufume, ming'alu itsekeke. Kwa iwo kuviika si kuthira madzi ayi, n'kumalizitsa ntchito. Bokosi lathu analimangirira mwala n'kulimiza m'bango, kenako analiyanika pang'ono kuti lioneke bwino. Ine nditaligwira kunja, linali louma.

Pa tsiku lothira anthu anasonkhana ngati pali mlandu. Azakhali anandibwereka chikhothi changa, chikununkha utsi. Ndinasakaniza mofulumira ndi kamtengo, ndinathira mu mpata muja, n'kuima pambali manja kumbuyo. Thovu linakwera mwaulemu mpaka pakamwa pa bokosi. Apo linkayenera kuima. Silinaime. Matabwa anayamba kulira, misomali inatuluka umodziumodzi, chipupa cham'kati chinatupa mpaka malo amene anatsala anali okwana mlamba umodzi, womwenso wopinda mchira. Mayi wina wogulitsa nsomba anafunsa ngati apulofesa aphika buledi wa mudzi wonse.

Ndinalowetsa chala pa thabwa lothyoka. M'kati munali monyowa.

"Bambo, munaliviika bokosili?"

"Nanga ndikanakupatsani louma ngati la maliro?"

Amalume sanakwiye. Anazungulira bokosilo, anamenya thovu ndi chibakera, n'kunena kuti mankhwalawo ndi amphamvu ndithu, vuto n'lakuti panalibe woyang'anira. Anagula matabwa ena. Ulendo uno ndinakhala pambali pa amisiri kuyambira thabwa loyamba mpaka msomali wotsiriza, ndipo atamaliza ndinasenza bokosi ndekha kukaliika m'nyumba, kutali ndi nyanja. Amisiri anandiyang'ana ngati munthu woika mwana m'manda asanabatizidwe.

Lachiwirili linatheka. Thovu linakwera, linaima pamene ndinaliuza, linauma gwa. Titayeserera, ayezi anafika madzulo akadali ayezi. Ogulitsa nsomba ena ankabwera kudzapisa dzanja, akachotsa n'kupita kukanong'onezana ndi amalume kuseri kwa thandala. Ine ndinkaganiza kuti akundiyamikira.

M'mawa wa ulendo woyamba ndinasita malaya, ndinapolisha nsapato zomwe ndinkavala ku koleji. Nditafika pa siteji ndinapeza bokosi lili kale pa minibasi, pambali pake pataima alamu awo a amalume, bambo amene amaopa ngakhale kugwira ayezi. Amalume anayang'ana mapazi anga.

"Mphwanga, nsapatozo kavule. Kukwera minibasi aliyense angathe. Anthu andipempha kuti tiwapangire mabokosi awo, ndiye ukachoka iwe, onse aviikidwa."

Ndinawakumbutsa zimene analonjeza. Anavomera kuti analonjezadi, koma pa nthawiyo sankadziwa kuti ndine munthu wofunika chotere. Ananditamanda pamaso pa anthu, mokweza, mpaka minibasi inanyamuka.

Tsopano ndili ndi kachisakasa kanga kuseri kwa mathandala, koyang'ana kumene mphepo imachokera, chifukwa fungo la mankhwalawa limatsokomoletsa. Thovu likamata m'manja sopo salitha, limachoka ndi khungu lomwe. Pa doko onse amandipatsa ulemu, ngakhale makondakitala amandilonjera asanayambe kuitana. Amisiri aja amakhoma pambali panga. Timagwirizana bwino, timadyera limodzi chinangwa. Koma sindingapite ngakhale pa golosale, chifukwa ndikangotembenuka, iwo amaima, amagwira bokosi m'mbali, n'kuyamba kuyang'ana kunyanja.