Phungu Amene Anabwera Pamaliro a Tarsizio

Julia Hosea anabadwira ku Mua, ndipo unamwino anauphunzira kwa masisitere. Ku Dublin anafika nthawi imene zipatala zinkaitana anamwino ngati aganyu nthawi yokolola. Anapeza ntchito ku chipatala cha Beaumont, nyumba ku Balbriggan, kenako mwamuna wake Tarsizio anamutsatira ndi mwana wawo Tamara. Tamarayo anabadwa miyendo ndi lilime zili zolemera. Nzeru zinali zonse, koma kuti akhale m'kalasi pankafunika munthu pambali pake, womudyetsa, womupititsa kuchimbudzi, womugwirira pensulo. Boma linkalipira mayi wina kuti azichita zimenezi, ndipo n'chifukwa chake Julia ankakwera sitima m'mawa mtima uli m'malo.

Mu 2008, chaka chimene mabanki anagwa chagada, Tarsizio anakomoka kuntchito ndipo sanadzukenso. Mtembo usanakwere ndege panali Misa. Pakati pa Amalawi ndi Azambia panaima mzungu wamtali, jekete litanyowa ndi mvula. Anali a Colm Bennet, phungu wa dera lawo ku nyumba ya malamulo, amene kuno amati TD. Anamugwira Julia dzanja ndi manja awiri, anagwada kulankhula ndi Tamara, ndipo anatsatira anthu kunyumba n'kumwa tiyi ali chiimire m'khitchini.

Kwathu maliro n'kulirana. Munthu amene wasiya ntchito zake kudzakhala nawe pachisoni wasanduka m'bale, ndipo ngakhale mutadzayambana, tsiku limenelo sulifufuta. Julia anaona choncho. Mnzake wa kuntchito, Melody wa ku Chipata, amene anali atakhalitsa kuno, anayesa kumutsina khutu.

"Ba Julia, ma TD kuno funeral ni nchito yao. Every week ali pamaliro, olo womwalira samuziba."

Julia anamuyankha kuti nsanje imupha. Pajatu a Bennet sanali wandale wamba. Anayamba ali mphunzitsi, n'kukhala khansala, n'kulowa m'nyumba ya malamulo kumbali yotsutsa, ndipo zaka zonsezo nyimbo yawo inali imodzi: ana olumala. Analemba bilu yoti mwana aliyense wofunika womuthandiza m'kalasi amupeze mwalamulo, osati mwachifundo cha nduna. Biluyo inagwa, koma iwo analumbira pawailesi kuti tsiku limene adzalowe m'boma adzaiukitsa. Julia akawamva ankauza Tamara kuti amalume akulankhula.

Chisankho cha 2011 chitayandikira, Julia analibe voti, popeza anali asanakhale nzika. Koma miyendo anali nayo. Akaweruka ankayenda khomo ndi khomo m'chisanu cha Febuluwale, agalu akumuuwa, ena akumutsekera chitseko kumaso. Loweruka ankaima m'magolosale a ku Moore Street, kugwira malaya Mwafirika aliyense wa ku dera lawo amene anali ndi pasipoti ya kuno. Kutchalitchi anawatopetsa nazo mpaka amayi anayamba kumutcha nduna ya a Bennet. Iye ankangoseka, nati m'bale sumugwirira ntchito, umangomuthandiza.

A Bennet anapambana, chipani chawo chinalowa m'boma la mgwirizano, ndipo iwo anapatsidwa mpando wa wachiwiri kwa nduna. Kenako inabwera bajeti. Dziko linali pangongole mpaka m'khosi, ndipo mpeni unagwera pomwe pali pofewa. Chiwerengero cha othandiza ana m'makalasi chinadulidwa. A Bennet, omwe aja a bilu, anavota kuti inde. Kusukulu anamuuza Julia, mwaulemu wonse wa kuno, kuti mayi womuthandiza uja tsopano Tamara azigawana ndi ana ena a makalasi osiyana, choncho Tamara azikhala mpaka ikakwana 11 koloko basi, pambuyo pake kholo lizidzamutenga.

Ngakhale apo Julia sanakhulupirire kuti wagwiritsidwa fuwa la moto. Anati mwina a Bennet sakudziwa kuti mpeniwo wafika pa Tamara. Aphungu a kuno amakhala ndi tsiku lokumana ndi anthu awo, ndipo iye anapita, m'kachipinda ka pamwamba pa hotela ina, atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Anadikira pamzere. Atalowa, a Bennet anaimirira, nkhope yonse kumwetulira, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Anamvetsera mutu uli pambali. Anafotokoza kuti nawonso zikuwapweteka, kuti ukakhala m'boma sumasankha zonse, kuti akanakana akanachotsedwa ndipo ana olumala akanasowa wowalankhulira. Analonjeza kuti aona chimene angachite. Pomuperekeza pakhomo anafunsa mokoma mtima:

"Nanga bambo akunyumba ali bwanji? Ntchito akadali nayo?"

Za votiyo mwina Julia akanakhululuka, pakuti andale ndi andale kulikonse. Koma munthuyu anaona bokosi la Tarsizio ndi maso ake, anamwa tiyi wa pamaliro ake, ndipo sankakumbuka n'komwe. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo, manyazi a munthu amene wakhala zaka akutchula mlendo kuti achimwene pamaso pa anthu. Anachotsa dzanja lake n'kutsika masitepe.

Namwino sangachoke pa wodi 11 koloko isanakwane kuti akatenge mwana ku Balbriggan, ndipo Julia analibe wina womutuma. Anayesa kusinthana mashifiti ndi Melody kwa mwezi wathunthu, zinakanika. Ntchito ya ku Beaumont anaisiya, n'kumagwira Loweruka ndi Lamlungu lokha kunyumba yosungira okalamba.

Tsiku lililonse tsopano amaima pageti la sukulu anzake a Tamara akuthamangira kukasewera. Amamukankha pa njinga yake ya olumala kubwerera kunyumba, ndipo Tamara amatembenuza khosi kuyang'ana kumbuyo mpaka atakhota. Tsiku lina mwanayo anavutika ndi lilime lake kwa nthawi, kenako mawu anatuluka.

"Mum, did I do something bad?"

Julia anaimitsa njinga m'mbali mwa msewu, anagwada, n'kumuuza kuti ayi mwanawe, sunalakwe kanthu. Tamara anafunsa kuti nanga bwanji amalume sakumuthandiza.