Kapaipi ka mwana wanga asanabadwe

Mimba yanga yachiwiri itafika pakati, ndinakwera basi ku Braunstone, kuno kunja kumene timakhala, kupita kuchipatala kukajambulitsa mimba pa sikani ndili ndekha, poti amuna anga anali pa shifiti. Mayi amene ankandijambula anali wochezeka, koma atayendetsa kachipangizo pamimba panga anayamba kuyang'anitsitsa mwankhawa. Pasikirini panaoneka chinthu chakuda chobulungira, chodzaza m'mimba mwa mwana.

Adokotala anandiuza kuti mwanayo ndi wamwamuna, koma njira yake ya mkodzo ndi yotseka. Chikhodzodzo chinali chitafufuma, mkodzo ukubwerera ku impso. Madzi amene mwana amakhalamo anali atatsala pang'ono. Ine sindinkadziwa kuti madziwo ndi mkodzo wa mwana yemweyo, ndiponso kuti akasowa mapapo sakula.

"Tikhoza kumuika kapaipi ali m'mimba momwemo, kuti mkodzo uzituluka," anatero adokotala. "Koma mwina mungapite padera, ndipo za impso sitingalonjeze."

Amuna anga atamva anakana. "Mwana sanabadwe n'komwe, ayambe kale kumubaya? Timusiyire Mulungu."

"Ndiye ndizingoyenda naye akuuma m'mimbamu?" ndinawafunsa.

Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndinkakhuthula matumba a mkodzo a agogo achizungu misozi ili chuchuchu. Zimene ndinkataya m'chimbudzi ndi zimene mwana wanga ankasowa.

Pamapeto pake ndinauza adokotala kuti ndavomera. Tsiku la opaleshoni amuna anga anandiperekeza, nkhope ili gwa. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako singano yaitali inalowa pamimba ine ndili maso. Ndinaona chakuda chija chikuphwa pang'onopang'ono. Madzi anabwerera, mwana n'kuyambanso kundimenya mateche.

Sipanapite nthawi, sikani ina inaonetsa kapaipi katachoka, kakungoyandama. Adokotala anati ana ena amakakoka okha ndi dzanja. Tsopano amene ankakakamira anali amuna anga.

"Amayi, alowetsenso. Munaona nokha kuti zinathandiza."

Ine mantha anali atandigwira, thupi litatopa. Ndinawauza kuti singanoyo imalowa mwa ine, osati mwa iwo. Tinakwera basi yobwerera kunyumba. Patapita masiku ndinavomera, koma pofika nthawiyo mwana anali atagona moipa, ndipo adokotala analephera kufikira chikhodzodzo.

Anabadwa masiku asanakwane. Analira, kamawu kochepa, ndipo anamwino anathamanga naye ndisanamugwire. Mapapo anapulumuka. Impso imodzi inali itafa, inayo ikugwira ntchito mwa apo ndi apo.

Lero amathamanga m'nyumba muno ngati mwana wina aliyense, kungoti sachedwa kutopa ndipo chakudya timachita kumunyengerera. Kuchipatala ayamba kukamba zoti adzafunika impso ina. Anatiyeza tonse awiri, magazi a bambo ake ndi amene anagwirizana naye, ndiye impsoyo adzapereka ndi iwo. Mlongo wake wamkulu amandifunsa m'Chingerezi ngati adadi adzamve kuwawa. Ndimamuuza kuti adzakhala ali mtulo, kenako ndimamutuma akatenge nsapato za mlongo wake.