Mwana wosayankha rejisitala

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere ana anachuluka, moti ine ndinkaphunzitsira ana anga a Sitandade 1 pansi pa mlambe, mwana aliyense atakhalira mwala wake. Pakati pawo panali kamtsikana ka ku Yofu kamene kanandimeretsa imvi ndisanakwatiwe n'komwe. Dzina la vuto lake, loti otizimu, ndinadzalimva patapita zaka. Nthawi imeneyo tinkangoti ndi mwana wovuta.

Sankayang'ana munthu m'maso. Wina akangosuntha mwala wake, kulira kwake kunkamveka mpaka kumsika wa ku Chipyela. Anzake akavula patapata, iye ankazitola n'kuzindandalika pamzere, zazikulu patsogolo, ndiye poweruka inali nkhondo. Sitima ikalira padoko ankatseka makutu n'kulowa pansi pa tebulo langa. Ndikamufunsa kuti, "Ichi n'chilembo chanji?" iye ankabweza kuti, "Ichi n'chilembo chanji?" ndi mawu anga enieni, kalasi yonse n'kufa ndi kuseka.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali rejisitala. M'mawa uliwonse ndinkaitana dzina lake, iye duu, maso ali pa nyerere. Ahedi anati mwana wosadziwa dzina lake akungotha malo, ndipo teremu ikatha asanayankhe amufufuta. Mayi a mwanayo anabwera kunyumba kwanga n'kugwada pakhomo. "Aphunzitsi, akamchotsa ndidzamsiya kuti? Ine ndikapita ku chinangwa, iye amalowera kunyanja yekha." Ndinayesa kumunyengerera ndi mandasi, ndinayesa kumuopseza, koma mandasi ankadya, kuyankha ayi.

Sabata yomaliza ahedi anabwera kudzadzionera okha, ndipo ine chifukwa cha mantha ndinali nditaiwala rejisitala kunyumba. Ndili kakasi kufunafuna bodza, ndinamva wina akutsokomola mmene ndimachitira ndikamayamba kuitana mayina. Anali iyeyo. Maso ali pansi, anayamba kuitana anzake mmodzimmodzi monga analembedwera m'buku, iwo n'kumayankha kuti, "Ndilipo!" Atafika pa mwana wina amene anajomba, anafunsa mokalipa ngati ine: "Wapitanso kokakoka khoka ameneyu?" Ahedi anagwira pakamwa kubisa kuseka.

Kenaka anafika pa dzina lake. Analiitana, n'kukhala chete. Analiitananso, n'kudikira. Ndiye anausa moyo n'kunena momveka bwino kuti, "Mwana uyu ndatopa naye ine."

Palibe anaseka. Ahedi anangoti dzinalo likhale, n'kubwerera ku ofesi. Ine ndinagwidwa ndi manyazi aakulu, chifukwa mawu amenewo ndinkawanena chapansipansi tsiku ndi tsiku, ndikuganiza kuti sakumva. M'mawa mwake ndinaitana dzina lake ndipo sanayankhe. Ndinangochonga, pakamwa nditatseka.