Ndinatumiza Mwana Pamodzi ndi Maliro

Cholakwa changa ndi ichi: tsiku lomwe ndinatumiza thupi la mkazi wanga ku Malawi, ndinakwezanso mwana wanga m'galimoto lomwelo, ine n'kutsala ku Joni.

Inu owerenga, ine ndimawotcherera mageti achitsulo pakashopu kena ku Jeppestown. Mkazi wanga Esinati anadwala khansa chaka chathunthu m'kachipinda kathu ka lendi. Atamwalira, anzathu a kumpingo anapeza minibasi yokoka ngolo, bokosi n'kulimanga kumbuyo. Pasipoti yanga inali itatha, ndiye sindikanadutsa pa boda. Mwana wathu Tadala, wa zaka zinayi, ndinamupereka kwa mlamu wanga, mng'ono wake wa Esinati, kuti akaike maliro a mayi ake ku Ntcheu. Mwanayo ndinamulonjeza kuti ndimutsatira mwezi wamawa. Tadala anandibayibitsa pawindo atagwira banzi.

Za pasipotizo zinali zoona, koma ndinazikonza chaka chisanathe. Chimene sindinauze munthu n'chakuti ndinkaopa nkhope ya mwanayo. Tadala anatengera mayi ake maso ndi kaseko komwe. Mlamu akaimba foni ya vidiyo kuti ndimuone, ndinkanamizira netiweki n'kudula. Ndinkangonyamula majuzi ndi nsapato kukapereka kwa oyendetsa mabasi ku Park Station, n'kumadzinamiza kuti ubambo ndi umenewo. Nsapatozo zinkakamuthina, chifukwa phazi limene ndinkalidziwa linali la mwana wa zaka zinayi.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha choncho. Lamulungu anzanga akapita kumpira, ine ndinkadzitsekera m'chipinda, diresi la Esinati likadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinali wosungulumwa koopsa, ndipo ndinkadziona ngati ndi ine ndekha amene ndinaferedwa.

Kenaka ndinadziwana ndi Loveness, mayi wamasiye wa ku Balaka amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Troyeville. Nditamufunsira, sanandiyankhe zoti inde kapena ayi. Anandifunsa ngati akuchikazi anandisudzula. Paja kwathu mkazi akamwalira, abale ake amakhala nawe pansi n'kukumasula, ndipo usanasudzulidwe sukwatiranso. Ine ngakhale manda a mkazi wanga ndinali ndisanawaone.

"Sindingalowe m'nyumba ya munthu amene sanatsanzike," anatero Loveness. "Nanga mwana wanuyo akudziwa n'komwe mawu anu?"

Ndinapsa mtima, poti ine munthu akandiuza zoona ndimayamba ndakwiya. Ndinatha milungu iwiri osamulankhula. Mlungu wachitatu ndinagula tikiti ya basi ya ku Malawi.

Ku Ntcheu amalume ake a Esinati, omwe ndi mwini mbumba, sanandivute. Anandionetsa manda, ndinalira, mawa lake anandisudzula. Tadala anabwera kudzandilonjera, mtsikana wamtali ndithu. Anagwada patali ngati mmene amachitira kwa mlendo wongodutsa, n'kubwerera kukatsuka mbale.

Ndinapempha kuti ndimutenge tibwerere limodzi ku Joni. Amalume anati mwana ndi wa mbumba yawo, komabe sangamukanize, ndimufunse mwiniwake. Ndinamufunsa. Anayankha atayang'ana pansi.

"Munati mubwera mwezi wamawa. Ndinkakhala kumsewu kudikira basi mpaka amayi aang'ono anandiletsa. Kuno ndili bwino."

Sanalire, sanakweze mawu. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinazindikira kuti mwanayu anaferedwa mayi, ndipo bambo ndinamulanda ndine.

Ndinabwerera ndekha pabasi, pampando wa pambali panga pali katundu wa munthu wina. Loveness tinakwatirana, ndi mkazi wabwino, ndipo diresi lija ndi iye anandithandiza kulipinda kuti ndimutumizire Tadala. Tsopano ndimaimba foni Lamulungu lililonse. Nthawi zina Tadala amayankha, nthawi zina ndimamva akuuza amayi ake aang'ono kuti anene kuti wapita kuchigayo. Sindidandaula, bodza la pafoni ndinamuphunzitsa ndine.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene muli kuno ku Joni, mukaferedwa musathawe mwana chifukwa akukukumbutsani malemu. Naye akulira, ndipo alibe wina woti alire naye koposa inu. Ngati mwamutsogoza kumudzi, mutsatireni pa mwezi womwe munanena. Mkazi ndinapatsidwa wina, koma zaka zija za mwana wanga palibe angandibwezere. Lamulungu lapitali Tadala anandiuza yekha sayizi ya nsapato yake, ndi faifi. Koma mpaka lero sananditchulepo kuti ababa.